Biochemistry kapena labu ya chipatala? Ndithandizeni maganizo

Thoko: Moni nonse akuluakulu. Ndabwera kudzapempha nzeru. Nditalemba MSCE ndinapitiriza ndi A-level, ndipo pano ndapeza malo awiri oti ndiyankhe mwezi uno usanathe. Oyamba ndi digiri ya Medical Laboratory Sciences konkuno. Achiwiri ndi BSc ya biochemistry, phunziro la mmene makemikolo a m'thupi la zamoyo amagwirira ntchito, pa yunivesite ina ku South Africa, komwe ndingakakhale ndi azakhali anga. Mtima wanga uli ku biochemistry, chifukwa chimene chakhala chikundikoka kuyambira ku sekondale ndi funso lakuti mankhwala akalowa m'thupi amakachita chiyani kwenikweni. Koma amalume, omwe ndi olipira fizi, akuti sanaonepo mu nyuzipepala kampani ikufuna munthu wa biochemistry. Inu amene munadutsa njira imeneyi, ntchito zake ndi ziti, ndipo munthu angadye nazo?

Mayi a Yankho: Wachita bwino kufunsa mwanangu, safunsa anadya phula. Ine ndimagwira ntchito mu labu ya chipatala cha boma, ndiye ndiyambe ndi chinthu chimene ambiri amachidziwa mochedwa. Kuti uloledwe kuyeza magazi a wodwala n'kusainira zotsatira zake, uyenera kukhala m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Amene timapezeka mmenemo ndife amene tinaphunzira za labu ya chipatala, ku KUHeS, ku Mzuni, ku Malamulo kapena ku Malawi College of Health Sciences. Usaganize kuti pepala la biochemistry palokha likulowetsamo. Pita kaye ku ofesi yawo ukafunse usanasankhe.

Komatu ntchito yathu yambiri ndi biochemistry yomweyo. Tikamayeza creatinine kuti tione ngati impso zikusefa bwino, ALT kuti tione chiwindi, kapena HbA1c imene imasonyeza mmene shuga wakhalira m'magazi pa miyezi pafupifupi itatu, tikuyenda m'njira zimene anazilambula ndi anthu a phunziro limenelo. Ife timagwiritsa ntchito njira yokhazikika kale pa wodwala amene akudikira pa benchi. Iwo amafunsa chifukwa chake njirayo imagwira, kapena kupanga ina yatsopano.

Gift: Mchemwali, mvera amalume. Ine ndinamaliza BSc ya chemistry ndi biology, project yanga yomaliza inali ya ma enzyme, mapuloteni amene amafulumizitsa kusintha kwa zinthu m'thupi la zamoyo, ndipo ndinakhoza bwino. Makalata ofunsira ntchito ndinalemba mpaka kutopa. Lero ndikuphunzitsa pa sukulu ina ya pulaiveti. Ntchitoyi ndimailemekeza, koma si imene ndinkalota. Anzanga a m'kalasi ena ali ku banki, wina akugulitsa feteleza ndi mbewu, amene ali mu labu ndi owerengeka. Mnzanga amene anachita za labu ya chipatala anadikira ndithu kuti boma limulembe, koma podikirapo ankapeza maganyu m'makiliniki chifukwa anali ndi chiphaso. Ine ndinalibe pogwira.

Nangondo: Zimene anena a Gift ndi zoona ndipo sindizipeputsa. Koma Thoko wafunsa za mankhwala m'thupi, ndiye ndimufotokozere nkhani ya konkuno kuti aone ntchitoyi mmene imakhalira. Ine ndili mu kafukufuku wa malungo ku Blantyre.

Kachirombo ka malungo kakalowa m'maselo ofiira a magazi kamadya haemoglobin, puloteni yonyamula mpweya m'magazi. Pogaya chakudyacho pamatsala heme, amene ndi poizoni kwa kachiromboko, choncho kamamuundana kukhala timiyala totchedwa haemozoin tomwe sitikavulaza. Chloroquine amatsekereza kuundanako, kachirombo n'kufa ndi zinyalala zake zomwe. Ndiye panabwera tizirombo tina tomwe puloteni yake imodzi, PfCRT, inasintha pang'ono n'kuyamba kupopera mankhwalawo kunja asanagwire ntchito. Ana ankamwa chloroquine koma osachira. Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba Fansidar.

Chimene chinatsatira ndi chimene chimandisangalatsa mpaka lero. Ofufuza anabwerera ku magazi amene anasungidwa ku Blantyre n'kupeza kuti tizirombo tosintha tija tinali 85 pa 100 mu 1992, koma pofika 2000 tinatsika kufika 13 pa 100. Kusinthako kunali ndi mtengo wake kwa kachirombo, ndipo mankhwala atachoka tizirombo takale tinatenganso malo. Mu 2006 kafukufuku wa ana ku Blantyre anaonetsa chloroquine akuchizanso 99 pa 100. Dziko lonse lapansi linaphunzira zimenezi kuchokera kwathu kuno, ndipo kuti zidziwike panafunika anthu odziwa kutulutsa DNA m'dontho louma la magazi, kuyendetsa PCR (njira yochulukitsa DNA kuti ioneke), n'kumvetsa chimene puloteni ija ikuchita.

Malo a ntchito zotere alipo: Malawi-Liverpool-Wellcome pa Queens, Blantyre Malaria Project, Johns Hopkins Project, UNC Project ku Lilongwe, MEIRU ku Chilumba ndi ku Lilongwe. Katemera wa taifodi amene ana athu anayamba kulandira mu 2023 anayesedwa pa ana oposa 28,000 ku Ndirande ndi ku Zingwangwa. Koma Thoko, mva bwino apa. Digiri yoyamba ya biochemistry ndi mbewu, si ufa. Sungaphike nayo nsima tsiku lomwelo, uyenera kuibzalanso. Ndi BSc yokha ulowa ngati intern kapena wothandiza mu labu. Kuti udzafunse mafunso akoako ufunika masters, kenako PhD, ndipo kuphatikiza zonse ndi zaka pafupifupi khumi.

Mayi a Yankho: Chonde wina asawerenge izi n'kuthamangira kukagula chloroquine. Mankhwala a malungo kuno ndi LA kuyambira 2007, ndipo muyezetse kaye musanamwe.

Nangondo: Zikomo mayi, mwachita bwino kukumbutsa.

Gift: Achemwali a Nangondo, malo mwatchulawo onse amayenda ndi ndalama zakunja, ndipo ntchito zake ndi za kontrakiti. Pulojekiti ikatha, malipiro athanso. Tinaona tonse mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa thandizo lakunja, anthu a m'mapulojekiti a zaumoyo anauzidwa kuti ayambe akhala kunyumba. Munthu wa pa banja losauka, amene abale akudikira kuti amalize adzathandize ang'ono ake, angaike moyo wake pa zimenezi?

Nangondo: Pamenepo sindikutsutsani. Nanenso kontrakiti ikamayandikira kutha tulo timavuta. Ndicho chifukwa chake sindimuuza mwana aliyense kuti bwera kuno. Ndimauza yekhayo amene funso likumusowetsa mtendere.

Mbewe wa QC: Mukukamba ngati biochemistry ndi chipatala ndi kafukufuku basi. Ine ndili mu labu ya fakitale ya zakudya, ndipo ntchito yanga ndi yokhazikika, ya penshoni. Amalume sanaione mu nyuzipepala chifukwa siilembedwa ndi dzina limenelo. Imalembedwa kuti quality control analyst, lab chemist, production trainee kapena food safety officer, ndipo pansi pake amati digiri ya chemistry, biochemistry, food science kapena yofanana nazo.

Taganizani zimene timapanga m'dziko muno. Shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa wogulitsidwa kuno amathiridwa vitamini A, mafuta ophikira chimodzimodzi, mchere uyenera kukhala ndi ayodini, ndipo payenera kukhala wina woyeza ngati mlingo wakwana. EthCo ku Dwangwa ndi PressCane ku Chikwawa amapanga ethanol kuchokera ku molasses, ntchito ya yisiti yeniyeni, yofuna munthu wodziwa chifukwa chake thanki ina yawira bwino pamene ina yaima panjira. Kuli ofulula mowa, a mkaka, a madzi, a chiponde cha ana onyentchera. Ku Mulanje kuli Tea Research Foundation, ndipo tiyi wakuda amada chifukwa cha enzyme imene imayamba kugwira ntchito tsamba likangophwanyidwa. Kuli Malawi Bureau of Standards, kuli PMRA imene imayeza ngati mankhwala olowa m'dziko ali ndi mphamvu yolembedwa pa paketi.

Kuipa kwake ndinene: mashifiti ausiku, kuyeza zinthu zomwezomwezo tsiku ndi tsiku, ndiponso kukangana ndi a production ukakana katundu amene iwo akufuna atuluke lero. Pa intaviyu sakufunsa Krebs cycle. Amafunsa ngati unagwirapo HPLC (makina olekanitsa ndi kuyeza zimene zili m'sample), ngati ungakonze wekha standard solution, ngati umadziwa ISO 17025 (muyezo wa kayendetsedwe ka malabu oyeza zinthu). Ambiri otuluka ku koleji makina amenewa anangowaona pa chithunzi, ndipo pamenepa ndi pamene timagwera.

Nachisale: Ine si wa sayansi, ndimagwira ntchito ndi makalabu a alimi a mtedza ku Mchinji, koma nkhaniyi yandikhudza. Vuto lathu lalikulu ndi chuku. Mlimi amawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe aswe mosavuta, n'kuuika m'thumba usanaume, ndiye nkhungu ija imamera n'kutulutsa aflatoxin. Wogula wa ku Ulaya salola kupitirira ma microgram 4 pa kilogalamu pa mtedza wodya anthu. Katundu akakanidwa satayidwa ayi, amabwerera pa msika wathu, n'kukhala nsinjiro za m'ndiwo ndi m'phala la ana. Kukazinga sikuchotsa poizoniyo. Ku Chitedze kuli labu yoyeza zimenezi, ndipo kunabwera Aflasafe wothira m'munda pochepetsa poizoniyo, koma alimi ambiri amagulitsa mtedza wosayezedwa chifukwa labu ili kutali. Ndikamva kuti ana ophunzira zimenezi akusowa ntchito pamene ife tikusowa woyeza, mtima umandiwawa.

Nangondo: Ndipo chimene aflatoxin amachita m'thupi ndi funso lomwe lija la Thoko. Chiwindi poyesa kumusungunula chimamusandutsa chinthu choopsa kuposa poyamba, chimene chimakamatirira ku DNA n'kuwononga jini yotchedwa p53, imene ntchito yake ndi kuletsa selo lowonongeka kuti lisachulukane. Munthu akakhalanso ndi hepatitis B, chiopsezo cha khansa ya chiwindi chimakwera kwambiri. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anafa atadya chimanga cha chuku.

Gift: Mayi Nachisale mwanena chenicheni. Kufunika kwa ntchito ndi kupezeka kwa malipiro ndi zinthu ziwiri. Dziko likutifuna, koma amene angatilipire ndani?

Nachisale: Funso limenelo ndi lolemera achimwene. Chimene ndikuona n'chakuti ogula akuluakulu akamaumirira pepala la labu asanalipire, makampani ogula mtedza amakakamizika kulemba munthu woyeza. Zayamba, koma pang'onopang'ono.

Tiyamike ku Leeds: Ndiwonjezere za kunja, chifukwa ambiri amaganiza kuti zikakanika kumudzi, ku UK zikatheka. Nkhani ya chiphaso ija a Mayi a Yankho anena ili konkunonso. Kuti utchedwe biomedical scientist mu labu ya NHS, zipatala za boma za kuno, uyenera kulembetsa ku HCPC, bungwe losunga kaundula wa ogwira ntchito zaumoyo. Wa digiri ya biochemistry nthawi zambiri amatumiza mapepala ku IBMS, bungwe la akatswiri a malabu a chipatala, iwo n'kumuuza maphunziro owonjezera oti achite, kenako portfolio ya mu labu yovomerezeka. Zimatenga nthawi ndi ndalama. Ndikudziwa anthu a madigiri abwino a sayansi amene akusamala okalamba podikira zimenezi.

Koma khomo lina lilipo limene sitilitchula kawirikawiri. Ine ndinachoka pa benchi, pano ndimagwira ntchito ya bioinformatics, kusanthula DNA ya tizirombo pa kompyuta. Ntchito imeneyi kwathu ikufunika kwambiri. Poliyo atapezeka mwa mwana ku Lilongwe mu February 2022, chimene chinaonetsa kuti kachiromboko ndi ka mtundu wa ku Pakistan ndi kuwerenga chibadwa chake, ndipo zinakachitikira m'malabu a kunja. Thoko, kulikonse kumene upite, phunzira R kapena Python, zilankhulo zolembera mapulogalamu a kompyuta, ndi statistics kuyambira chaka choyamba. Zimenezi sizifuna makina odula, laputopu ndi bandulo basi.

Zulu wa ku Chipata: Moni abale a ku Malawi. Kuno timanyadira Kelly Chibale, mwana wa ku Zambia amene anayambira pa University of Zambia, n'kukachita PhD ku Cambridge, ndipo mu 2010 anakhazikitsa H3D, malo ofufuzira mankhwala atsopano, pa University of Cape Town. Gulu lake linatsogolera kupeza MMV048, mankhwala a malungo amene anafika poyesedwa pa anthu. Iye ndi wa chemistry, koma malo ngati amenewo sayenda popanda a biochemistry oyeza mmene mankhwala akugwirira enzyme ya kachirombo ndiponso mmene chiwindi chikuwagayira. Ngati mwanayu wapeza mwayi wa ku South Africa, akhala pafupi ndi ntchito yeniyeni imene akuifunsa. Ndiponso kumbukirani kuti Omicron, mtundu uja wa kachirombo ka COVID-19, anaonekera koyamba mu November 2021 m'malabu a ku Botswana ndi South Africa, ndipo Sikhulile Moyo amene anatsogolera ku Botswana anabadwira ku Zimbabwe.

Gift: Anthu amenewo ndimawalemekeza bambo Zulu. Koma pa Chibale mmodzi pali angati amene anabwerera kumudzi ndi pepala lokha? Tisamuonetse mwana okhawo amene anafika.

Amalume a Thoko: Moni nonse. Mwanayu wandionetsa zimene mwalemba ndipo ndawerenga zonse. Zikomo chifukwa chosamunamiza. Sindikudana ndi maloto ake ayi. Ine ndine wa bizinesi yaing'ono, ndipo kumbuyo kwake kuli ang'ono ake awiri amene akubweranso. Fizi ya ku South Africa ndi ya ma rand, ndipo mukudziwa mmene kwacha ikuyendera ndi mmene ndalama zakunja zikusowera ku banki. Ndili ndi mafunso awiri. Akapita uko, ndi zaka zingati zimene ndilipire asanayambe kudziimira? Nanga sangayambe ndi labu ya chipatala konkuno, biochemistry n'kudzaichita pambuyo?

Nangondo: Takulandirani bambo, mafunso anu ndi oyenera. Ku South Africa BSc ndi zaka 3, koma kuti alowe masters ayenera kuchita honours, chaka chinanso. Choncho werengerani zaka 4. Ana ochokera m'maiko a SADC amalipira fizi yofanana ndi eni dziko, koma pamakhala ndalama ina yowonjezera ya ophunzira akunja, komanso visa ya sukulu imafuna medical aid. Thandizo la NRF, bungwe la boma la South Africa lolipirira kafukufuku ndi ophunzira, gawo lake lalikulu kwambiri limapita kwa nzika za konko, ndiye musalidalire. Pa masters ndi PhD zinthu zimapepukirako chifukwa aphunzitsi ena amakhala ndi ndalama za pulojekiti zolipirira ophunzira awo.

Funso lachiwiri, inde n'zotheka, ndipo anzanga ambiri amene ndikugwira nawo ntchito anadzera njira imeneyo. Anayamba ndi labu ya chipatala, analowa mu kafukufuku ali ndi chiphaso ndi manja ozolowera, kenako anakachita masters ya molecular biology kapena biochemistry ndi sikolashipu. Pulojekiti ikatha amakhala ndi kobwerera. Mukandifunsa maganizo anga poona mmene mwafotokozera za pakhomo, ndingasankhe imeneyi.

Tiyamike ku Leeds: Apa ndisiyana nanu pang'ono achemwali. Digiri ya labu ya chipatala ndi yotakata: magazi, tizirombo, minofu, zonse pang'onopang'ono. Koma organic chemistry yakuya, enzyme kinetics, kapangidwe ka mapuloteni, zimenezi sazilowa mozama. Munthu akafuna kudzapanga mankhwala monga a ku H3D aja, adzavutika kukwirira dzenje limenelo. Chinanso, mawu akuti ndidzachita pambuyo ndi ovuta kuwasunga. Ukayamba kulandira, abale amayamba kudalira, ndipo kusiya malipiro n'kubwerera m'kalasi kumafuna mtima wolimba.

Mayi a Yankho: Zoona zimenezo, makamaka kwa ife akazi. Banja likabwera, ana, ma call ausiku, zaka zimangopita. Koma ndaonanso atsikana amene anatuluka mu labu mwathu momwemuno n'kupita ku masters. Onse anali ndi khalidwe limodzi: sankangotulutsa zotsatira, ankafunsa chifukwa chake control yalephera, ndipo ankadziphatika kwa ofufuza akabwera kudzatenga ma sample.

Thoko: Zikomo kwambiri nonse, ndi inu amalume chifukwa cholowa nawo. Sindinadziwe n'komwe za honours. Ndifunseko chimodzi achemwali a Nangondo: tsiku lanu la ntchito limakhala lotani? Ndikuopa kuti mwina ndimakonda nkhani zake osati ntchito yake.

Nangondo: Funso limeneli ndi lofunika kuposa onse aja. Tsiku lambiri ndi pipette m'manja, kusuntha timadzi tosaoneka bwino kuchoka mu kachubu kena kupita mu kena, kulemba chilichonse m'buku, n'kudikira. Zoyesa zambiri zimalephera ndipo umayambiranso. Reagent ukaitanitsa kunja imatha miyezi isanafike, ina imafuna kuyenda yozizira njira yonse. Magetsi akazima mtima umakhala pa firiji ya −80 mmene muli ma sample a zaka zambiri. Kenako kuwerenga, kulemba, kupempha ndalama. Masiku amene umaona chinthu chimene wina aliyense sanachionepo ndi ochepa, koma kwa ine amakwanira. Usanayankhe makalata akowo, pempha kukhala sabata imodzi mu labu ya chipatala ndi ina mu labu ya kafukufuku kapena ya fakitale. Lemba kalata kwa woyang'anira labu, ambiri savuta ngati ukungoonerera.

Mbewe wa QC: Ndipo ufunse yunivesite ya ku South Africa ija kuti ophunzira a chaka chachitatu amagwira okha makina ati. Funso lomwelo ufunsenso ya konkuno.

Gift: Achemwali a Nangondo, ndifunseko zanga ngakhale nkhaniyi ndi ya Thoko. Munthu ngati ine amene ndakhala m'kalasi nthawi yaitali osagwira pipette, khomo la masters linatsekeka?

Nangondo: Silinatsekeke achimwene. Yang'anani Beit Trust, imene imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, ndiye opikisana nawo ndi ochepa poyerekeza ndi masikolashipu a Commonwealth kapena DAAD ya ku Germany, ngakhale kumenekonso muyesere. Chimene chidzakuvutani ndi kalata ya umboni yochokera kwa munthu wa sayansi amene wakuonani mukugwira ntchito posachedwa. Choncho yambani ndi aphunzitsi amene anayang'anira project yanu ija, muwapemphe kuti muzithandiza mu labu mwawo pa holide. Zaka za uphunzitsi musazibise pa fomu, olemba amafuna munthu wodziwa kufotokoza. Project ya ma enzyme ija inali ya chiyani?

Gift: Linamarase, enzyme ya m'chinangwa chowawa imene imatulutsa poizoni wa cyanide. Ndinkayeza mmene cyanide amatsikira chinangwa chikaviikidwa masiku osiyanasiyana, monga amachitira ku Nkhata Bay pokonza kondowole.

Nangondo: Imeneyo ndi nkhani yamoyo mpaka pano, makamaka zaka za chilala pamene anthu amafupikitsa masiku oviika chifukwa cha njala. Kudya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira ndi kumene kunachititsa kuti konzo, matenda opuwalitsa miyendo aja, agwere anthu ku Nampula ku Mozambique mu 1981. Ngati lipoti lake mukadali nalo, lijambuleni munditumizire ku inbox pamodzi ndi transcript, tione poyambira.